Funsani Mmisiri: Katundu wakale wa m'nyumba za ku France

Makalata a mwezi uno agwera pa ntchito yomwe ndimadyera, yokonza mipando ndi makabati akale kuno kummwera kwa France. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Bambo Mmisiri, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lolemera kumudzi wina kufupi ndi Avignon. Nyumbayo njaikulu, koma katundu wake ngwakalekale: makabati akuda obowokabowoka, mipando yosuluka penti, galasi lamawangamawanga. Tsiku lina ndinagula polishi wopopera ndi ndalama zanga kuti kabati ya pabalaza iwale, koma adona atandiona anakuwa n'kundilanda chitinicho m'manja. Kodi ndinalakwanji? Nanga anthu andalama chotere akulephereranji kugula zatsopano? Ndine mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, mtima wanu unali wabwino, koma adonawo sanakuwe pachabe. Polishi wambiri wopopera amakhala ndi silikoni, ndipo silikoni akalowa m'thabwa satulukamo. Lero kabati iwala ndithu, koma mawa wina akafuna kupakapo phula kapena vanishi sizigwira, zimangochita timadontho. Pa shopu pomwe ndimagwira ntchito, kabati yopoperedwa timaidziwa ikangolowa pakhomo. Imawala mwachilendo, ndipo ukaigwira imaterera.

Chimene inu mukuchiona ngati kutha, eniake ndicho amalipirira. Thabwa la noyer, mtengo umene amisiri a dera lino la Provence ankaukonda, limayamba lili lotuwirako. Kuda kofiirira kuja kumabwera ndi zaka 200 za utsi wa pamoto, phula, dzuwa ndi manja a anthu otsegula chitseko pamalo amodzimodzi. Afalansa amati patine, ndipo palibe sitolo yoigulitsa. Munthu akapala ndi sandipepa, madzulo asanafike wachotsa zonse, ndipo ndalama zomwe kabatiyo ikanagulidwa pa okushoni zatsika nthawi yomweyo. Galasi lija nalonso musalinyoze. Akale ankapaka kumbuyo kwake mekyule wosakaniza ndi tini, ndiye mawangawo ndi umboni woti palibe analisinthapo.

Tayang'anani bwino m'nyumba mwanumo. Kabati yaitali ya zitseko ziwiri, yomwe amati armoire, kale inali ya mkwatibwi. Ankapita nayo ku banja itadzaza nsalu zoyala pabedi ndi patebulo zomwe anakonzeratu ali mtsikana. Ku Normandy ankaipanga ndi oak n'kusema nkhunda ziwiri pamwamba pake. Ngati kukhitchini kwapachikidwa kabokosi kotchingidwa ndi timizati, kameneko ndi panetière, kosungiramo buledi kuti makoswe asamufikire koma mphepo izimupita. Mpando wautali wa anthu atatu, wolukidwa ndi udzu pokhalira, ndi radassié. Mbale zoyera zojambulidwa buluu zomwe zili pakhoma zikhoza kukhala za ku Moustiers. Zambiri mwa izi zinali za alimi opeza bwino ndi amalonda a m'timatauni.

Eni nyumba zotere alipo amitundu iwiri. Ena katunduyo anawasiyira agogo awo. Ena anagula nyumba yopanda kanthu n'kuyamba kutolera chimodzichimodzi, ndipo amenewa ndiwo amakuwa kwambiri, poti akudziwa zomwe analipira. Mwa otolerawa, wotchuka kuno ndi Béatrice Ephrussi de Rothschild, mwana wa mwini banki. Bambo ake atamwalira mu 1905, mayiyu anagula malo a mahekitala 7 ku Saint-Jean-Cap-Ferrat, pakati pa Nice ndi Monaco, n'kumangapo nyumba yapinki kuyambira 1907 mpaka 1912. Amati amalonda ankamutumizira katundu pa sitima mpaka pa siteshoni ya Beaulieu, iye n'kumasankha ataimirira papulatifomu pomwepo. M'nyumbamo munalowa mbale za Sèvres ndi Vincennes, zojambula za Fragonard, makapeti a Savonnerie, tizidole tadothi ta ku Meissen ta anyani oimba zing'wenyeng'wenye, ngakhale timipando ta agalu ake. Mipando yokha sinamukwanire. Ankagula matabwa osemedwa a m'makoma a nyumba zakale za ku Paris n'kudzawakhoma m'zipinda zake. Anamwalira mu 1934 wopanda mwana, nasiyira zonse bungwe la zaluso la Académie des Beaux-Arts, ndipo lero aliyense amalowa akalipira pakhomo.

Ine nyumba imeneyo imandichulukira zinthu. Chipinda chilichonse chimafuna kukuuza kuti mwini wake anali ndi ndalama. Zimene zimandikomera ndi nyumba zamiyala za ku Luberon, dera lamapiri kufupi ndi Avignon, momwe mumangokhala kabati imodzi, tebulo lalitali ndi mipando yokwanira banja. Komabe mukadzapeza mpata mudzapiteko, mudzamvetsa adona anu.

Tsono pa ntchito yanu. Fumbi chotsani ndi kansalu kofewa kouma, basi. Phula la njuchi pakani kamodzi kapena kawiri pachaka, pang'ono chabe, mutayamba mwafunsa. Paliponse pamene pali golide, kaya pa felemu kaya pa mpando, pasafike madzi, chifukwa pansi pa golideyo pali choko chosakaniza ndi guluu wa chikopa cha kalulu, ndipo madzi amachisungunula. Zogwirira za madirowa musazikweche ndi mankhwala owalitsira mkuwa, mudzachotsa golide yense. Mwala wosalala wa pamwamba pa kabati umadana ndi mandimu ndi viniga. Mpando muzinyamula pogwira pansi pa pokhalira, osati m'mikono mwake. Chithunzi chopenta musachipukute n'komwe, ngakhale wina akuuzeni za anyezi kapena mbatata.

Mabowo akale paokha si vuto. Koma mukaona kafumbi koyera kataunjikana pansi pa kabati, makamaka kutentha kukamayamba, ndiye kuti tizilombo tikadali moyo m'kati. Musangosesa n'kukhala chete, auzeni eni nyumba tsiku lomwelo.

FUNSO: Achimwene, ndine kalipentala ku Ndirande. Kasitomala wabwera ndi chithunzi pa foni, akuti ndimupangire mipando ya "Louis". Ndafufuza pa intaneti koma ndapeza ma Louis ambirimbiri. Kusiyana kwake n'kotani? Nanga mlombwa ungathe ntchito imeneyi?

YANKHO: Achimwene, yang'anani miyendo. Mpando wa nthawi ya mfumu Louis XIV, amene analamulira France kuyambira 1643 mpaka 1715, ngwolemera, wamsana wautali, ndipo miyendo yake imalumikizidwa ndi thabwa lopingasa kunsi. Wa Louis XV, 1715 mpaka 1774, ulibe mzere wowongoka ngakhale umodzi. Miyendo imapindika monga chilembo cha S, ndipo pamwamba pamasemedwa timaluwa. Wa Louis XVI, 1774 mpaka 1792, miyendo yake njowongoka, yoonda kumunsi, yokhala ndi tingalande toyenda m'litali, ndipo pamene mwendo wakumana ndi pokhalira pali kabokosi kosemedwa duwa limodzi. Msana wake umakhala wozungulira motalikirako kapena wamakona anayi. Kusintha kumeneku kunadza anthu atayamba kufukula mizinda ya Aroma yomwe inakwiririka ndi phiri la Vesuvius, Herculaneum mu 1738 ndi Pompeii mu 1748. Olemera a ku Paris anatengeka ndi mizati yowongoka ya Aroma n'kuitsitsira pa miyendo ya mipando.

Kasitomala wanu mwina akufuna wopindikawo, poti ndiwo umadzaza zithunzi za pa foni. Mukatha kumunyengerera, yambani ndi Louis XVI. Miyendo yake mukhoza kuizunguza pa makina n'kusema tingalandeto ndi tchizulo. Mwendo wopindika umadya thabwa: umachokera ku chipika chimodzi chonenepa, mumajambula pateni kumbali ziwiri zoyandikana n'kucheka konseko, ndipo mitsempha ya thabwa iyenera kuyenda motsata mwendo. Ikapingasa pa bondo, munthu wonenepa akangotsamira chakumbuyo mwendo wathyoka. Paini musayese n'komwe.

Amisiri a ku Paris ankagwiritsa ntchito mtengo wa hêtre chifukwa umasemeka bwino, ndipo poti mpando unkapakidwa penti kapena golide, maonekedwe a thabwa analibe nawo ntchito. Mlombwa ungathe ndithu, sukhotakhota ukauma bwino, koma kuupaka penti n'kuwononga. Usiyeni uoneke. Mbawa nayo njoyenera kwambiri, pakuti ndi ya banja limodzi ndi mahogany amene Georges Jacob, katswiri wa mipando wa nthawi ya Louis XVI, anali mmodzi mwa oyamba kupangira mipando ku France.

M'majoini musalowe msomali. Ndi motisi ndi tenoni, kenako chikhomo chamtengo. Bowo la pa tenoni ankaliboola molisunthako pang'ono kuti chikhomo chikamalowa chizikoka joini n'kuithina, ndipo ndaphwasulapo mipando ya m'ma 1700 yomwe majoini ake sanagwederebe. Pokhalira akale ankaika malamba ndi ubweya wa kumchira wa hatchi. Masipiring'i anabwera m'ma 1800. Inu muika siponji, koma isanenepe mpaka kubisa chosema chanu.

Potchula mtengo kumbukirani ichi: ku Paris mpando umodzi unkadutsa m'manja mwa anthu anayi, wocheka ndi kulumikiza, wosema, wopaka, ndi woika nsalu, ndipo malamulo a mabungwe awo sankalola wina kulowerera ntchito ya mnzake. Inu anthu anayiwo muli nokha.

FUNSO: Bambo, ndili ku Johannesburg. Ndaona pa Facebook munthu akugulitsa kabati ya madirowa atatu, akuti ndi ya ku France ya m'ma 1700 ndipo ili ndi chidindo cha mmisiri. Ndikufuna ndigule kuti ndidzagulitse mopindula. Chidindocho si umboni wokwanira?

YANKHO: Ayi bambo, sichikwanira. Chidindo chimenecho, estampille, chinalipodi. Kuyambira cha m'ma 1751 mpaka 1791, pamene mabungwe a amisiri anathetsedwa, mmisiri wovomerezeka wa ku Paris ankayenera kukhoma dzina lake pa thabwa ndi chitsulo. Pa kabati chimapezeka pamwamba pa mzati wa pakona mukachotsa mwala, pa mpando chimakhala kunsi kwa pokhalira. Nthawi zambiri pambali pake pamakhala zilembo JME, za akuluakulu a bungwe omwe ankayendera mashopu. Koma katundu wambiri weniweni alibe chidindo, monga wa kumidzi ndi wa amisiri ena ogwira ntchito kwa mfumu. Ndipo chitsulo chodindira munthu akhoza kusula mawa lino.

Ngakhale nyumba yachifumu ya Versailles inapusitsidwa. Bill Pallot ankadziwika ngati katswiri wamkulu wa mipando ya m'ma 1700, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Sorbonne, ndipo akanena kuti mpando ngweniweni anthu sankafunsanso. Iye ndi wosema wina waluso loopsa, Bruno Desnoues, amene ankakonzanso katundu wa Versailles yemweyo, anapanga mipando n'kumati inali ya Marie-Antoinette, mkazi wa Louis XVI, ndi Madame du Barry, wokondedwa wa Louis XV. Ankagula mipando wamba ya nthawi imeneyo n'kuisemanso, choncho thabwalo ukaliyeza linali lakaledi. Amene anawatulukira ndi wamalonda mnzawo, Charles Hooreman, yemwe kale anali wophunzira wa Pallot. Iye ananena kuti ananyambita mpando wina n'kumva kukoma kwa réglisse, switi wakuda amene wosemayo ankasungunula podetsera thabwa. Pallot ndi Desnoues anamangidwa mu 2016, ndipo mu June 2025 khoti la ku Pontoise linawapeza olakwa onse awiri. Ngati akatswiri a Versailles, mpando uli m'manja mwawo, anagwa nazo, inu ndi chithunzi cha pa Facebook mulimba bwanji?

Mukapita kukaiona, musayambe ndi kutsogolo. Itembenuzeni. Kumbuyo ndi kunsi kwa madirowa akale sankasalaza, mumaona mikwingwirima ya sowo yamanja, yowongoka koma yosafanana. Mukaona mikwingwirima yozungulira, ndi sowo ya makina, ndiye kuti thabwalo silinachekedwe m'ma 1700. Kathabwa kokongola komata pamwamba, akale ankacheka ndi manja ndipo kamakhala konenepa, pomwe ka makina n'kopyapyala. Thabwa limafota m'lifupi osati m'litali, choncho pansi pa dirowa yakale pamakhala mpata kapena mng'alu. Mabowo a tizilombo akhale timabowo tozungulira. Mukaona ngalande zazitali zoonekera pamwamba, wina anacheka thabwa lofumbwa kale n'kupangira chinthu chatsopano. Nunkhizaninso m'madirowa. Fungo la vanishi watsopano silibisika.

Ku France kuli lamulo la mu 1981 lomwe limamanga wogulitsa pa mawu amene walemba pa lisiti. Akalemba kuti "époque Louis XV", walonjeza kuti chinapangidwa nthawi ya mfumuyo, ndipo mukhoza kumusumira. Akalemba "style Louis XV", sanalonjeze kalikonse, chikhoza kukhala cha chaka chatha. Pa zojambula n'chimodzimodzi: "attribué à" ndi kuganizira kokhala ndi zifukwa, "atelier de" ndiye kuti chinachokera mu shopu ya mmisiriyo, pomwe "d'après" ndi kukopera chabe. Wogulitsa wanu wa ku Johannesburg lamulo limeneli silimukhudza, komabe muuzeni alembe zaka za kabatiyo pa lisiti n'kusaina, ndiponso akuonetseni mapepala osonyeza kumene inachokera ndi mmene inafikira kumeneko. Akayamba kuzengereza, mwadziwa. Makabati otere ambiri anapangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 motsanzira akale. Ngabwino ndithu, ena ngolimba kuposa enieniwo, koma mtengo wake ndi wina.

Za phindu, ndisakunamizeni. Katundu wamba wakale watsika mtengo kwambiri kuno, chifukwa achinyamata akukhala m'mafulati ang'onoang'ono momwe kabati ya agogo singalowe. Zimene zikukwerabe ndi zochepa zokhala ndi dzina lalikulu ndi mbiri yolembedwa. Pa okushoni wogula amawonjezeranso pafupifupi kota kapena kuposerapo pa mtengo womwe nyundo yagwera. Ngati kabatiyo mwaikonda, gulani muziikamo zovala.

FUNSO: Amalume, ndinamva pa wailesi kuti gogo wina ku France anapeza chithunzi cha mamiliyoni kukhitchini kwake. N'zoona, kapena ndi nthano za azungu? Ndine wophunzira ku Zomba.

YANKHO: N'zoona, mphwanga. Mu 2019 gogo wina wa ku Compiègne, kumpoto kwa Paris, akusamuka m'nyumba yake, anaitana wa okushoni kuti adzaone ngati muli chogulitsika. Pamwamba pa chophikira panali kachithunzi kopenta pa thabwa, kosafika masentimita 30 m'litali, kosonyeza Yesu akunyozedwa ndi khamu la anthu. Banjalo linkangokatenga ngati kachithunzi wamba kopempherera. Akatswiri atakaunika anapeza kuti n'ka Cimabue, mmisiri wojambula wa ku Florence ku Italy, ka m'ma 1280. Kanagulidwa mayuro oposa 24 miliyoni pa okushoni ya ku Senlis mu October chaka chomwecho.

Mbali yomwe imandisangalatsa ine monga munthu wa matabwa ndi iyi. Kachithunzika kanali chidutswa cha thabwa lalikulu lomwe wina anachekacheka kalekale. Zidutswa zina ziwiri zili ku National Gallery ku London ndi ku Frick Collection ku New York. Ataunika kumbuyo, anapeza kuti ngalande zomwe tizilombo tinaboola zikulumikizana ndi za pa zidutswa zinazo. Boma la France linaletsa kuti katuluke m'dziko, linakatcha chuma cha fuko, ndipo mu 2023 kanalowa ku Louvre, nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ku Paris.

Usayambe kuona mamiliyoni pa chithunzi chilichonse chakuda ndi utsi. Nkhaniyi inafika pa wailesi ku Zomba chifukwa sizichitikachitika.

FUNSO: Achimwene, ndimakhala ku London ndipo ine ndi amuna anga tikufuna kupita ku France pa holide. Ndimakonda zinthu zakale koma thumba ndi losaya. Tikayambire kuti?

YANKHO: Achemwali, yambani musanakwere sitima. Ufumu utagwa ku France, katundu wa ku Versailles anagulitsidwa pa okushoni yomwe inatha chaka chathunthu, kuyambira 1793 mpaka 1794, ndipo m'zaka zotsatira wambiri anathera m'manja mwa olemera a ku England. Pitani ku Wallace Collection, nyumba yoonetsera zaluso pa Manchester Square ku London komweko, kulowa n'kwaulere. Kumeneko mukaona ntchito ya mmisiri wa makabati Jean-Henri Riesener yomwe anapangira Marie-Antoinette. Maso akazolowera chenicheni, chotsanzira amachikayikira okha.

Ku Paris, nyumba ya okushoni ya Drouot, yomwe inatsegulidwa mu 1852, imalola aliyense kulowa kudzaona katundu asanagulitsidwe, ndipo mukhoza kutsegula madirowa palibe wokukalipirani. Msika wa zinthu zakale wa Saint-Ouen umakhalapo Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba, mumatsikira pa siteshoni ya Porte de Clignancourt. Mukafika kuno kummwera, bwerani ku L'Isle-sur-la-Sorgue Lamlungu m'mawa, sitima yochokera ku Avignon imaima pomwepo. Misika yake ikuluikulu imachitika pa Pasaka ndi pakati pa August, koma mitengo ya kumeneko njoganizira alendo a ku America. Wa thumba losaya afunse za vide-grenier m'midzi yozungulira. Ameneyo ndi kaunjika wa kuno: banja limayala pansi zonse zomwe latulutsa kudenga, ndipo wolawira ndiye amatola zabwino. Kunenerera n'kololedwa, bola mwayamba ndi moni.

Chilichonse chokhala ndi mnyanga wa njovu, kaya kabokosi kaya chigwiriro cha mpeni, chisiyeni pomwepo. Malamulo a ku Ulaya anakhwima mu 2022, ndipo ku Britain malonda ake analetsedwa chaka chomwecho kupatula zinthu zochepa zokhala ndi chilolezo. Gulani zolowa m'chikwama, monga nsalu zakale zopeta, mbale, kapena kachithunzi kakang'ono. Mukakopeka ndi armoire, yambani mwafunsa mtengo wa galimoto yoinyamula, chifukwa kawirikawiri umaposa wa kabatiyo. Ubwino wake imaphwasuka mukagogoda zikhomo zake, koma chikhomo chilichonse muchilembe nambala ndi pensulo musanachizule, pakuti anazisema ndi manja ndipo chilichonse chimangolowa pa bowo lake.